Homuweki ya Kagalu Kuseri kwa Nkhokwe

Chaka chachiwiri cha ukwati wanga ndinali ndidakali mkamwini m'mudzi wa kwawo kwa akazi anga, chakumunsi kwa Ludzi. Nyumba ndinamanga ndekha, koma malo anali awo. Munda ndinkalima ine, koma unali wa mbumba yawo. Ngakhale khasu limene ndinkagwira linali la malemu apongozi aamuna, amene anamwalira ine ndisanafike pamudzipo. Sindikunena modandaula, chifukwa anthu aja sankandizunza. Kungoti mkamwini amakhala ngati munthu wobwereka mpando, matako ali pampando koma makutu ali kunjira.

Pakhomo tinalipo atatu: ine, akazi anga ndi amayi awo. Nyumba ya apongoziwo inayang'anizana ndi yathu, ndipo pakati pake panali nkhokwe yaikulu ya chimanga. Masiku amenewo chipongozi chinali chipongozi ndithu. Nkhope yawo sindinkaiyang'ana, iwonso yanga sankaiyang'ana. Tikakumana panjira ya kudimba, mmodzi ankapatukira m'tchire mpaka mnzake atadutsa. Nkhani iliyonse, ngakhale yobwereka nkhwangwa, inkadzera mwa akazi anga. Ndinkawadziwa ndi chifuwa chawo chokha, poti akafuna kuti ndidziwe kuti ali pafupi ankatsokomola kawiri.

Pafupi ndi mishoni pankakhala bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito ya upolisi zaka zambiri kutsidya kwa malire, akusamalira agalu a polisi. Atapuma ntchito anabwerera kwawo ndi njinga, wailesi ndi galu mmodzi wamkazi wa makutu oimirira. Tonse tinkangowatchula kuti amadala. Chaka chimenecho a zaziweto anali atawombera agalu ambiri oyendayenda chifukwa cha chiwewe, ndipo nkhaniyi inawapweteka mtima amadala. Ankati olakwa si agalu, ndi eni ake amene amatenga galu n'kumusiya kuti adzilere yekha. Tsono galu wawo ataswa, anakana kugulitsa ana ake. Anati wofuna mwana wagalu atenge, koma azibwera naye Loweruka lililonse masana kwa masabata sikisi kuti aphunzire onse awiri, galu ndi mwiniwake.

Anthu ambiri anaseka n'kubwerera. Ine ndinavomera. Akazi anga ndinawauza kuti ndikufuna mlonda wa chigafa cha fodya, koma zoona zake n'zakuti ndinkafuna chinthu chimodzi pakhomopo chimene anthu azinena kuti ndi changa. Ndinasankha kakamuna kofiirira, ka mapazi aakulu ngati si ake.

Nthawi imeneyo anthu asanu sankangosonkhana pansi pa mtengo popanda wina kufunsa kuti akukambirana chiyani. Amadala ankadziwa zimenezi, ndiye anayamba apita kwa tcheyamani wa chipani kukafotokoza. Loweruka loyamba tcheyamaniyo anabwera yekha pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa bwalo la mpira, anaona makhadi athu a chipani mmodzimmodzi, kenako anafunsa kuti nanga a agaluwa ali kuti. Tinadikira kuti ayambe iye kuseka, ndiyeno ife tinatsatira. Sanabwerenso.

Ophunzira tinalipo asanu. Amene ndikuwakumbukira bwino ndi bambo wina wophika kumishoni ndi makaniko wina wokonza malole kumalire, amene ankabwera ndi kagalu kake m'katoni kumbuyo kwa njinga. Amadala anayamba ndi malamulo.

"Loyamba, galu wanga sapatsidwa dzina lonyozera anzanu. Ndikudziwa mayina amene mumapatsa agalu m'midzimu. Ukaitana galu, uthenga ukupita kwa neba. Galu wotero amamva mkwiyo m'mawu anu tsiku lililonse. Lachiwiri, ndodo ayi. Lachitatu, liwu limodzi, kamodzi. Mukati khala, khala, khala, galu aziyesa kuti mukuimba nyimbo."

Pomaliza anatipatsa chimene ankachitcha homuweki. Katatu pa tsiku, nthawi yongokwanira kuwiritsa madzi a tiyi. Anati sadzafunsa munthu ngati wachita kapena ayi, galu ndi amene adzanene.

Homuweki yoyamba inali yoti kagalu kazikhala pansi ukakauza. Ndinkagwira kamutu ka temba louma pamwamba pa mphuno yake n'kukakokera chakumbuyo. Kagalu kakakweza mutu, matako ankatsika okha, ine n'kunena kuti khala. Akazi anga anali ndi pakati poyamba, miyezi itatha kale, ndipo ankakhala pakhonde akusenda mtedza n'kumandiseka mpaka misozi. Sabata yachiwiri inali yoyenda pa chingwe. Ndinapota chingwe cha khonje n'kumazungulira nako mudzi m'mawa. Amalume awo a akazi anga anandiona ndipo anafunsa mokweza, kuti onse amve, ngati kwathu agalu timawadyetsa msipu ngati mbuzi. Ndinaseka nawo, poti mkamwini sayankha.

Sabata yomweyo kagalu kanagwira mwanapiye wa apongozi. Sikanadye, kanangomuseweretsa mpaka kumupha. Madzulo ake akazi anga anabweretsa uthenga.

"Amayi akuti kakagwiranso wina, kabwerere kumene kanachokera."

"Mukawauze kuti ndapepesa. Sikadzachitanso."

"Mukulonjeza m'malo mwa galu?"

Kuyambira tsiku limenelo ndikamapita kumunda ndinkakamangirira pamtengo wa chigafa.

Miyendo ya akazi anga itayamba kutupa, azamba a kumishoni anati asachedwenso kumudzi, apite akadikirire kuchipatala. Tinawaperekeza Lachitatu. Amene anatsala nawo kumeneko anali achemwali awo aakulu, ndipo apongozi anabwerera kumudzi chifukwa mtedza unali udakali pabwalo. Pakhomo tinatsala awiri osayankhulana. Chakudya ankasiya pakhonde langa atavundikira, n'kutsokomola kawiri. Ndikatha kudya ndinkatsuka mbale n'kukazisiya patsinde pa nkhokwe.

Homuweki yachitatu ndi imene inandivuta. Amadala anati galu womvera munthu mmodzi yekha ndi ngozi pakhomo, chifukwa tsiku limene mwiniwake wachoka palibe womuletsa. Ndiye pankafunika anthu awiri a nyumba imodzi. Wina agwire kagalu, wina aime patali n'kuitana kuti bwera. Kakafika akapatse kanthu, kenako woyamba uja aitanenso. Tsiku lililonse mtunda uzikula, mpaka woitana azibisala.

Ndinayesa ndi ana a m'mudzi. Anabwera khumi, onse akukuwa nthawi imodzi, kagalu n'kumangothamanga mozungulira mpaka kanagwetsa lichero la mtedza. Amuna a pamudzipo sindikanawapempha, anali otanganidwa ndi kusankha fodya, komanso anali atandiseka kale mokwanira. Ndinayesa kukamangirira n'kumaitana ndekha, koma zinalibe nzeru, poti kuti kabwere ndinkayenera kupita ineyo kukakamasula.

Loweruka litafika, kagalu ka makaniko kanathamangira mbuye wake bwinobwino. Ka bambo wophika uja chimodzimodzi. Amadala atagwira kanga, ndinaima patali n'kuitana. Kanandiyang'ana, kanayasamula, kenako kanapita kukanunkhiza tayala la njinga. Ndinaitananso, kachitatu ndi mawu okweza.

"Basi," anatero amadala. "Homuweki simunachite."

"Akazi anga ali kuchipatala, akudikirira."

"Kunyumba mwatsala nokha?"

"Ndatsala ndi apongozi aakazi."

Makaniko anaseka mpaka kugwira mtengo. Amadala sanaseke. Anati, "Mwambo ndi wanu, sindingakuuzeni kuti muuswe. Koma galuyu sadziwa chipongozi. Amadya pakhomo pa mayiwo, nkhuku zimene amaona ndi za mayiwo. Akapanda kumva mawu awo, tsiku lina mudzamutaya. Kaganizeni."

Pochoka pamenepo ndinadzera kuchipatala. Akazi anga ndinawapeza atakhala pamphasa padzuwa ndi amayi ena odikirira. Ndinawafotokozera zonse, mwina mwachisoni kuposa mmene nkhaniyo inalili. Anaseka atagwira mimba, kenako anandifunsa ngati mtedza wauma. Za galu sananenepo kanthu. Mawa lake linali Lamulungu, ndipo apongozi anakawaona potuluka ku misa.

Lolemba chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, ndinali pachigafa ndikumanga fodya. Ndinamva kutsokomola kawiri kuseri kwa nkhokwe. Ndinayesa kuti ndi chakudya, koma nthawi inali isanakwane. Kenako ndinamva mawu awo, osakweza.

"Iwe galu. Kauze mbuyako kuti ndamva zoti walephera kusukulu. Pakhomo pano sitinazolowere zimenezo."

Ndinaima chilili, fodya ali m'manja. Aka kanali koyamba kumva mawu awo akulunjika mbali yanga. Kagalu kanali chigonere pamapazi anga, kosadziwa kuti katumidwa. Ndinayang'ana pansi n'kuyankha.

"Iwe galu, kathokoze kwa eni khomo. Ukawauze kuti ntchito yake ndi yaing'ono. Aitane kamodzi kuti bwera, ukafika akupatse kanthu."

"Kanthu ndili nako kale," anatero. "Galuyo amasulidwe."

Ndinamasula chingwe n'kukagwira pachifuwa. Nkhokwe inali pakati pathu, moti ndinkangoona mapazi awo m'munsi mwake. Anaitana ndi mawu aang'ono okwera, ngati mmene amayi amaitanira mwana wongoyamba kuyenda. Kagalu kanadzutsa makutu, ndinakasiya, ndipo kanazungulira nkhokwe liwiro lake losaneneka. Ndinamva akukasisita n'kumakatcha kamfiti kodya anapiye. Itafika nthawi yanga ndinaitana. Sikanabwere. Ndinadikira, poti lamulo linali liwu limodzi, koma kuseriko kunangomveka kutafuna.

"Iwe galu," anatero apongozi, "mbuyako akuitana ngati waona wakuba m'munda. Ndani angapite kumeneko? Kamuuze atsitse mtima, komanso anjute. Munthu wamtali choncho amaopsa."

Ndinanjuta. Ndinaitana ndi mawu amene ndikanachita nawo manyazi akanamva amalume aja. Kagalu kanatulukira pambali pa nkhokwe, kanaima pang'ono, kenako kanabwera n'kundigunda pamaondo. Tinachita kasanu ndi kamodzi tsiku limenelo. Pomaliza anati galu akauze mbuye wake kuti mawa nthawi yomweyo, asachedwe, iwo ali ndi zochita zambiri.

Sabata yonseyo tinachita homuweki m'mawa ndisanapite kumunda ndi madzulo dzuwa lisanalowe. Iwo ankasunthira kumbuyo pang'onopang'ono, tsiku lina pakhonde lawo, lina kuseri kwa khola la mbuzi, Lachisanu mpaka kunjira ya kuchitsime. Amayi a pamudzipo ankadutsa ndi ndowa pamutu akuyang'ana cham'mbali, koma palibe amene ananena kanthu, chifukwa apongozi anga sanali munthu woseweretsa. Ndiponso mwambo sunasweke. Iwo ankayankhula ndi galu, inenso ndinkayankhula ndi galu.

Uthenga unayamba kukula. Galu anatumidwa kundiuza kuti denga la nkhokwe likufuna udzu mvula isanabwere, kuti ndimathira mchere wambiri ndikawotcha chimanga, kuti malaya anga a kutchalitchi ang'ambika pamkono ndiwasiye pakhonde. Inenso ndinamutuma kukanena kuti kumsewu wa ku Mavwere kuli munthu wogulitsa mbewu yabwino ya mtedza. Lachinayi madzulo, titamaliza, mapazi awo sanachoke pansi pa nkhokwe. Kagalu kanali mbali yawo.

"Iwe galu, mbuyako sakudya masiku ano. Mbale zikubwera ndi chakudya. Kamuuze kuti asaope. Ineyo ndinataya awiri pobereka, woyamba ndi wachitatu, koma ndinali m'nyumba muno ndi anthu ongoyesa. Mwana wangayu ali kwa odziwa. Achira."

Mawu omalizawo anawanena kawiri, ndipo kachiwiriko ndinazindikira kuti sakuuza ine ndekha. Ndinangoti galu akawauze kuti ine amayi anga anamwalira ndili wamng'ono, moti za kubereka ndilibe amene anandiuzapo, ndipo ndathokoza. Kenako anati, "Wamva iwe galu? Nyamuka, pita kwa mwana wamasiyeyo." Tsiku limenelo ndinadya zonse.

Loweruka lotsatira amadala anagwira kagalu, ine n'kukabisala kuseri kwa mtengo wa mango. Ndinanjuta n'kuitana kamodzi. Kanandipeza ndisanatseke pakamwa. Amadala anafunsa amene anandithandiza, ndipo nditawauza mmene tinachitira anagwedeza mutu n'kunena kuti zaka zonse za upolisi njira imeneyo sanaionepo. Makaniko anati iye apongozi ake angathe kumuthamangitsa ndi chikuni.

Homuweki ya sabata imeneyo inali liwu loti siya. Pankafunika chinthu chimene galu amachilakalaka, ndipo amadala anati tiyambe ndi fupa. Nditatuma galu kukanena zimenezi, yankho linabwera loti fupa silinalakwire munthu pakhomo pano. Mawa lake ndinapeza dengu lovundikira pakati pa bwalo, m'kati muli thadzi ndi anapiye ake asanu ndi awiri otsala. Ndinachita mantha. Ndinati galu akanene kuti akhoza kuphanso.

"Akapha, wapha anga," anatero. "Chingwe chili m'manja mwa ndani?"

Masiku awiri oyamba dengu silinatsegulidwe. Ndinkadutsa ndi kagalu pa chingwe, kakangotembenukira kudengu ndinkati siya, kakayang'ana ine ndinkakapatsa temba. Tsiku lachitatu apongozi anakoka dengu ndi mtengo wautali ali kuseri kwa nkhokwe, anapiye n'kumwazikana pabwalo. Kagalu kananjenjemera thupi lonse. Kanadumpha kamodzi, chingwe chinandipweteka m'manja, thadzi linakajompha pamphuno. Apongozi anati thadzilo ndi mphunzitsi woposa tonse. Pofika kumapeto kwa sabata, anapiye ankatola madeya pafupi ndi mapazi ake, iko katagona kakuyang'ana kumbali ngati kamunthu kosala kudya.

Akazi anga anachira Lachinayi la sabata yomaliza, mwana wamkazi. Uthenga unatipeza m'mawa tili pa homuweki ya liwu loti dikira. Anabwera nawo ndi amuna awo a achemwali aja, pa njinga. Apongozi analulutira kamodzi, kenako ndinamva akulira chapansipansi. Ananyamuka nthawi yomweyo wapansi kupita kuchipatala. Ine ndinawapatsa mpata kuti atsogole, ndipo njira yonse ndinkaona nsalu yawo patali kutsogolo.

Loweruka lomaliza sindinapite kusukulu, ndinali ndikukonza m'nyumba kuti mayi ndi mwana adzapeze pabwino. Ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Koma patapita masiku angapo, mayi ndi mwana atafika kale, amadala anatulukira pakhomo pa njinga yawo, atavala jekete lawo lakale. Anati mayeso sathawidwa. Anandiuza kuti ndikhazike galu pakati pa bwalo, ndimuuze kuti adikire, ndipo ndilowe m'nyumba. Ndinasuzumira pachitseko. Galu anakhala pomwepo, nkhuku zikudutsa. Kenako amadala anapempha kuti eni khomo aitane. Apongozi anaitana ali pakhonde lawo, galu n'kupita n'kukakhala pamapazi awo asanamuuze n'komwe.

"Mayi," anatero amadala, "mukadakhala kutsidya masiku anga, ndikadakulembani ntchito."

"Ndalera ana anayi, mbuzi ndi mwamuna womwa mowa," anayankha. "Galu sangandivute."

Amadala anamwa thobwa, anaona mwana, ndipo anapita. Ndinawaperekeza mpaka kumsewu ndikukankha njinga yawo. Ndinawathokoza chifukwa cha galu. Zinazo sindinadziwe ponenera, ndipo anamwalira patapita zaka zochepa ndisanawauze.

Akazi anga atabwerera, anapeza denga la nkhokwe litafoleredwa, mbewu ya mtedza itagulidwa, malaya anga atasokedwa. Anafunsa kuti zonsezi tinapangana bwanji, ndipo titawauza anati ndiye kuti ntchito yawo tawalanda. Koma sizinatero. Kuyambira tsiku limene iwo anafika, uthenga unabwerera njira yake yakale, ndipo apongozi sanatumenso galu. Sindinadandaule, mwambo unali womwewo, koma madzulo ena dzuwa likapendeka ndinkapezeka ndaima pachigafa opanda chochita. Galu yekha ndi amene anapitiriza kuyenda nyumba zonse ziwiri. Masana ankanditsata kumunda, koma pogona anasankha khonde la apongozi, moti anthu a pamudzi ankamutcha galu wa mayiwo.

Chipongozi chathu chinatha mwana wachiwiri atabadwa. Ankhoswe anabwera, apongozi anapha tambala, tinakhala pamphasa imodzi, ndipo akuluakulu ananena kuti kuyambira lero awa ndi mayi ndi mwana. Anandiuza kuti ndikweze maso. Ndinaona mayi wamfupi, wa mpata pakati pa mano, wa maso ofanana ndi a mwana wanga woyamba. Iwonso anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osachita manyazi.

"Kani ndinu achichepere chonchi," anatero. "Mawu aja ndinkayesa ndi bambo wamkulu. Idyani, mukatha mukandionere chitseko changa, chikukhula pansi."

Ndinadya, ndipo nditasamba m'manja ndinakatenga sowo.